Matikiti a Apongozi Amene Sanang'ambidwe

Ana anga, mwezi watha Agnesi anandiimbira foni kuchokera ku Blantyre. Iye ndi mwamuna wake akufuna kupita ndi ana kumalo osangalalira patchuthi, kokagona masiku atatu, ndipo akufuna kutenganso amayi anu. Kumeneko awauza kuti atha kulipiriratu chakudya chonse pamodzi ndi chipinda, kapena azikagula okha njala ikawapeza. "Ababa, inu munagwirako ntchito zimenezi," anatero. "Kulipiriratu kuli ndi phindu, kapena n'kutaya ndalama?" Ndinamuuza kuti mayunitsi ake sangakwane yankho langa, ndilemba. Ndiye ndalemba, ndipo muwerenge nonse, chifukwa yankholo lili m'kati mwa nkhani imene sindinakuuzenipo bwinobwino, ya mmene bambo wanu anachokera m'chipinda chodyera n'kukathera pageti.

Zaka zoyamba, kukhitchini ya chipatala cha mishoni

Ntchito yanga yoyamba inali yokankha ngolo ya chakudya kupita kumawodi, n'kubwerako ndi mbale zodzatsuka. Ndinalowa ndili ndi zaka makumi awiri, ndevu zisanagwirizane koyambira kumera. Woyang'anira khitchini anali Asisitere ena aafupi, oyenda ngati akuthamangitsidwa, osakonda kunena chinthu kawiri. Tsiku lachitatu, ndikukhuthulira zotsala m'chidebe cha nkhumba, anandigwira dzanja.

"Fabiano, mbale iyi yachokera pabedi liti?"

"Kaya, Asisitere. Zonse n'zofanana."

"Sizofanana ayi. Iyi yabwerera yodzaza. Pita ukaone mwini wake. Wodwala amatha kunena kuti ali bwino pamene sali bwino, koma mbale sinama."

Ndinapita ndikung'ung'udza, ndipo ndinakapeza mdala wina wopanda mano, wamanyazi, amene sanafune kuuza anamwino kuti nyemba zathu zikumukanika. Kuyambira pamenepo tinkamuphikira chipere. Koma ine ndinatenga nthenda imene sinandichoke mpaka lero, yofuna kudziwa chifukwa chimene munthu wasiyira chakudya. Amayi anu ndi mboni. Paukwati uliwonse amandikoka malaya kuti ndisiye kusuzumira m'mbale za anthu. Chaka china mvula inadula msanga, ufa unavuta, tinkaphika nandolo m'mawa ndi madzulo, phala lake lochita kumwa m'kapu. Chaka chimenecho mbale zinkabwerera zoyera ngati zatsukidwa kale, ndipo ndinalibe choti n'kufufuza.

Ndili komweko ndinakwatira amayi anu n'kukakhala chikamwini ku Mbulumbuzi. Anganga anu, mzimu wawo uuse mumtendere, anali apongozi a kale. Tikakumana panjira ankapatukira m'tchire, ine n'kupatukira mbali inayo, moni tikupatsana nkhope zitayang'ana kumbali. Zaka zonse zimene tinakhala pabwalo limodzi, sindinawaonepo akutafuna ngakhale mtedza umodzi, nawonso sanandionepo ndikudya. Sitinkadana. Umenewo ndiwo unali ulemu wathu. Zimenezi muzisunge, tizipezanso kutsogoloku.

Zaka khumi ndi zinayi ku Limbe

Mutabadwa inu awiri oyamba, malipiro a kumishoni anayamba kuthera panjira. Ndinapeza ntchito yoperekera zakudya pahotela ina ku Limbe. Kumeneko ndinaphunzira kumanga tayi, kunyamula thireyi ndi dzanja limodzi, ndi kumwetulira munthu amene akukutukwana chifukwa supu wazizira. Mkulu wathu anali bambo wina wadazi amene ankayeza mipata ya mafoloko ndi chala. Ankati chakudya ukachinyamula mobisa chimaoneka chakuba, ukachinyamula m'mwamba chimaoneka chaulemu. Panali nyengo zosowa shuga, nyengo zina magetsi ankathima mpaka nyama kuwonongeka m'firiji, koma alendo ankayitanitsa chimene akufuna, n'kulipira chimene adya. Palibe chinkandidabwitsa kwenikweni, ndipo kunena zoona ntchito imeneyo inanditopetsa.

Chaka chimene ndinabwerera kufupi ndi kwathu

Munthu wina wandalama anatsegula malo osangalalira m'mbali mwa msewu wa ku Zomba, poti ndikapalasa njinga kuchoka ku Mbulumbuzi ndinkafika thukuta lisanayambe. Ife antchito tinkangoti ku Paki. Kunali dziwe losambira, makatungwe, kasitima ka ana kozungulira m'mitengo ya bulugamu, ndi tinyumba togona alendo. Chipinda chodyera, chimene tinkati dayiningi, chinali cha magalasi mbali zonse kuti makolo azidya akuona ana awo padziwe. Ananditenga kuti ndikhale mkulu wa m'dayiningi. Bwana wathu anali a Chikopa, mnyamata wophunzira za mahotela, wobadwira m'tauni, waulemu ndithu, koma wokhulupirira pepala kuposa maso ake.

A Chikopa ndiwo anabweretsa fulubodi. Tanthauzo lake linali lakuti mlendo akamalipira chipinda alipiriretu chakudya chonse, n'kulandira kabuku ka matikiti, atatu patsiku kwa munthu aliyense: yam'mawa, yamasana, yamadzulo. Ine ndinkaima pakhomo la dayiningi n'kumang'amba. Ukalowa unkadzigawira wekha mmene ungathere. Nthawi ya chakudya ikadutsa, tikiti yafa. Chakudya chochokera kunja chinkatsala pageti, ndipo pakaokala ka pafupi ndi dziwe ankangogulitsa maswiti, ayisikilimu ndi zakumwa zozizira.

Apa ndiye nthenda yanga ija inapeza msipu. Ndinkafunitsitsa kudziwa kuti pa malonda amenewa wopindula ndani, ndipo pakhomo paja ndinaphunzira zambiri kuposa ku Limbe. Banja lokhala ndi anyamata atatu a kusekondale linkatidyera mpaka a Chikopa kugwira mutu. Amenewo fulubodi inkawakomera, ndipo ndinkasangalala nawo. Koma banja la ana aang'ono linkaluza tsiku lililonse. Mwana amene waona dziwe koyamba samva njala. Mayi ankachita kumukoka m'madzi akulira, n'kumukhazika patebulo, iye n'kunyambita chipisi ziwiri maso ali pagalasi. Ikakwana folo koloko, dayiningi titatseka, mwana uja ndiye wayamba, "Amayi, njala," bambo n'kupisa m'thumba kukagula ayisikilimu pamwamba pa chakudya chimene analipira kale. Panalinso abambo amene ankadya mokwiya, kuti ndalama yawo ibwerere kudzera pakamwa. Mmodzi anaunjika mpunga, nkhuku, nsomba ndi mazira m'mbale imodzi, atamaliza n'kukakwera katungwe ndi mwana wake. Zimene zinachitika pakatungwepo sindilemba, wokolopa ndiye anadandaula.

Ndipo panali azimayi a zikwama. Amenewa ankayala jumbo m'kati mwa chikwama, miyendo ya nkhuku n'kumatsetserekeramo ali pakati pocheza. M'mitima mwawo sankaba. Kwathu kuno munthu ukapita kuphwando umatengerako otsala pakhomo, nanji chakudya choti walipira wekha. Koma nkhuku zinkatha ena asanadye, madandaulo n'kumagwera ine. Ndiye tsiku lina ndinalowa mu ofesi ya a Chikopa ndi nzeru yanga. Ndinati tiike lamulo: chakudya chisatuluke m'dayiningi, kaya ndi mlendo kaya ndi wantchito, ndipo wantchito wopezeka atatulutsa achotsedwe. A Chikopa anakondwa, analemba, anamata pakhoma. Ndinayenda modzimva sabata yonse.

Woyamba kugwidwa anali Esinati, mtsikana wa ku Kadewere amene ankapukuta matebulo. Ndinamupeza kukhomo lakuseri ndi zidutswa ziwiri za nkhuku m'pepala. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Abambo, ndi zotsala izi." Ine ndinati lamulo ndi lamulo. Ndinakamunenera, ndipo anachotsedwa tsiku lomwelo. Munthu amene ndinkafufuza mbale iliyonse yobwerera, sindinamufunse kuti nkhukuyo akupita nayo kwa yani.

Zaka zitatu ndisanapume, tchuthi cha Khirisimasi

Lachisanu masana linafika banja la ku Ndunde, anthu asanu ndi awiri. Mwini ulendo anali a Makwinja, dalaivala wa mathiraki amene anakhala ku Joni nthawi yaitali, ndipo anabwera ndi mtima woti banja lake lione zimene iye ankangozionera panjira. Anali ndi mkazi wake, ana anayi, ndi apongozi ake, mayi achikulire owonda, ovala mpango wa chigwirizano cha kutchalitchi. Analipira fulubodi ya onse masiku atatu. Ndinamva akuuza mkazi wawo pakhomo, monyadira, "Pano palibe chogula. Ndathana nazo zonse. M'thumba mwangotsala ya basi."

Chakudya chamadzulo analowa asanu ndi mmodzi. Ndinafunsa za wachisanu ndi chiwiri, mkazi uja anati, "Amayi atopa ndi ulendo, akupumula." Loweruka m'mawa analowanso asanu ndi mmodzi. "Amayi sakumva njala." Sindinadabwe kwambiri, okalamba amatero. Chimene chinandiimitsa chinali mbale ya a Makwinja. Munthu wamkulu thupi ngati uja, amene dzulo lake anadya mosangalala, anabweza mazira ndi buledi osakhudza, tiyi atangomwa theka. Masana apongozi sanalowenso, ndipo mbale ya a Makwinja inabwerera mpunga uli mmene anaugawira, atangoupalasa ndi foloko kuti ana asaone. Mbale imodzi yosabwera, ina yobwerera yodzaza, patebulo limodzi. Mutu wanga unayamba kuyabwa.

Nditasuzumira pagalasi ndinawaona mayi aja atakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa makatungwe, miyendo atatambasula, akuonerera kasitima. Zidzukulu zikamadutsa ankakweza dzanja. Ndinadikira mkazi wa a Makwinja potuluka, n'kumupatulira pambali.

"Pepani mayi, si kulowerera. Kodi chakudya chathu chikuwakanika amayiwo? Ngati ndi mano, tiwaphikira chofewa."

Anandiyang'ana kuyambira kutayi mpaka kunsapato. "Achimwene, kwanu n'kuti inu?"

"Ku Mbulumbuzi konkuno."

"Ndiye mukufunsanso chani? Amayi angadye bwanji bambo a anawa ali pompo? Nyumba yanuyi ndi magalasi okhaokha, pobisala palibe."

Ana anga, manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Ine mkamwini wa zaka makumi atatu, amene ndinkapatukira m'tchire kuthawa anganga anu, ndinaima pakhomo limenelo zaka zonsezo osaganizapo n'kamodzi komwe kuti dayiningi yathu inamangidwa ngati kuti padziko palibe apongozi.

"Nanga bambowo atatuluka kaye, amayi n'kulowa?" ndinafunsa.

"Tayesa dzulo. Amayi akana. Akuti munthu wataya ndalama zake zonsezi, ndiye akaime panja ngati galu chifukwa cha ine? Iyayi. Bambo a anawa atamva kuti amayi sakudya, nawonso asiya kudya. Amayi anamanga mbatata zawo zophika m'kansalu, alonda analanda pageti. Pakaokala apo pali za shuga zokhazokha, pamene iwo ndi odwala shuga, amamwa mapilitsi. M'mawawu achita chizungulire pochoka kubafa." Anatsitsa mawu. "Ndinafuna kuwabisira kabuledi, ndawerenga chipepala chanu chapakhoma chija. Tisachititsidwe manyazi pagulu."

Chipepala changa. Ndinapita molunjika ku ofesi. A Chikopa anamvetsera bwino, sanali munthu wouma mtima, koma anapukusa mutu.

"A Fabiano, lamulo limeneli munabwera nalo ndinu. Tikalola mmodzi lero, mawa dayiningi yonse ili ndi apongozi. Aliyense atuluka ndi mbale. Awauze alowe, tiwapatsa tebulo lapakona."

"Bwana, pakona paliponso galasi. Salowa amenewo. Angakomoke pansi pa mtengo paja koma salowa."

"Ndiye afune okha. Tikiti yawo ilipo, chakudya chilipo, khomo n'lotsegula." Anandiyang'ana m'maso. "Komanso tandiuzani, mukatulutsa mbale inu, Esinati ndikamuuza chiyani?"

Funso limenelo linandilasa, chifukwa linali loona. Ndinatuluka mu ofesimo. Kunali kutatsala mphindi khumi kuti titseke chamasana. Ndinaima pafupi ndi mapoto ndikuganiza za penshoni imene inatsala zaka zitatu, za fizi ya iwe Yohane amene unali fomu 3, za malata amene tinali tisanamalize kukhoma. Ndinaganizanso zotuma mkazi uja kuti abise chakudya m'chikwama ine n'kuyang'ana kumbali. Zikanatheka, ndipo palibe akanadziwa. Koma ndiye kuti ndasandutsa mayi wolemekezeka kukhala wakuba wa chakudya chimene mwamuna wake analipira, n'cholinga choti tayi yanga isade.

Ndinapita kwa a Makwinja, amene anali atakhala pakhonde mutu uli pansi. "Bambo, ndipatseni tikiti ya amayi yamasana." Anatulutsa kabuku m'thumba la malaya osafunsa kanthu. Matikiti a apongozi anali onse, osang'ambika ngakhale imodzi. Ndinang'amba yamasana. Ndinagawa nyemba, masamba otendera, nsomba ndi mpunga pang'ono, n'kuika pathireyi pamodzi ndi madzi osamba m'manja. Ndinakumbukira mkulu wadazi wa ku Limbe uja. Ndinakweza thireyi m'mwamba ndi dzanja limodzi, n'kutulukira khomo lakutsogolo, kudutsa pawindo la ofesi ya a Chikopa, antchito anzanga atasiya zogwira akundiyang'ana.

Kuseri kwa nyumba yochapira kunali khoma lalitali ndi mthunzi. Ndinayala mphasa ya amayi ochapa, ndipo mkazi wa a Makwinja anabweretsa amayi ake atawagwira mkono. Ndinagwada patali n'kuwapatsa moni m'Chilomwe chochepa chimene ndinatola kwa anganga anu. Anaseka pang'ono ndi katchulidwe kanga. Anayang'ana thireyi, koma sanatambasule dzanja.

"Nanga akamwini adya?"

"Adya mukadya inu, amayi."

"Ii, ana inu," anatero, akupukusa mutu. "Chakudya chochuluka chonchi, anthu awiri kukhala ndi njala. Pitani mukawauze kuti ndasamba m'manja."

Ndinachoka, poti nanenso ndine mwamuna. Nditabwerera patapita nthawi, mbale inali yoyera, minga ya nsomba itasanjidwa bwino pambali. Madzulo ake a Makwinja anabwereza kawiri. Ndinanyamula thireyi ija chakudya chilichonse mpaka Lamulungu masana, tikiti iliyonse ndikung'amba pamaso pa anthu. Ponyamuka, mayi aja anakwera kasitima limodzi ndi zidzukulu, mpango atagwirizira ndi manja awiri, akukuwa kuposa ana.

Lolemba lotsatira, ndi zaka za pageti

A Chikopa sanakalipe. Anati chifukwa cha zaka zanga sandichotsa, koma m'dayiningi sindingakhalenso, poti mkulu wophwanya lamulo lake sangalondere ena. Anandipatsa ziwiri: kusiya ndekha, kapena kupita pageti ndi malipiro a mlonda. Ndinavula tayi n'kuisiya patebulo lawo. Ichi n'chifukwa chake penshoni yanga ndi yochepa, ndipo n'chifukwa chake chipinda chakumapeto chinakhala chaka chathunthu chopanda malata. Inu munkaganiza kuti miyendo ndiyo inandichotsa m'dayiningi. Amayi anu okha ndiwo ankadziwa, ndipo atamva nkhani yonse anangoti, "Mukanawasiya ndi njala, mukanadya kuti pakhomo pano?"

Patapita miyezi ndinakumana ndi Esinati pamsika akugulitsa tomato. Anayamba kundiona ndiye. "Abambo, ndamva kuti nanunso munanyamula mbale," anatero akuseka. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndinapepesa, kenako ndinamufunsa kuti nkhuku ija inali ya yani. Kuseka kunatha. "Mukufunsa lero?" Anandiwonjezera tomato awiri a pulaizi, koma sanandiyankhe, ndipo mpaka pano sindidziwa. Pa zonse zimene ndinafuna kudziwa pa moyo wanga wa ntchito, chimenechi ndicho chimandiwawa.

Pageti ntchito yanga inali yosecha zikwama kuti chakudya chakunja chisalowe. Mabotolo a mowa ndinkawaona ali patali. Koma maso anga anali ofooka kwambiri pa timitolo ta nsalu ta amayi achikulire, ndipo zaka zitatu zonse sindinapezemo mbatata ngakhale imodzi.

Tsono Agnesi, yankho lako ndi ili. Ngati uli ndi anthu odya kwambiri, osunga nthawi, otha kukhala patebulo limodzi, lipiriratu, upindula. Ako aja ndi aang'ono, akaona madzi aiwala pakamwa, ndiye ndalama ina isiye m'thumba. Koma usanafunse mtengo, funsa kaye ngati mbale imaloledwa kutuluka, ndipo ngati pali khoma loti munthu n'kudyera kuseri kwake. Udzanena kuti zimenezo n'zakale, amayi ndi a masiku ano, amacheza bwino ndi mwamuna wako pafoni. Nanenso ndinkaganiza choncho. Dzulo ndinawafunsa amayi ako ngati akukondwa ndi ulendowu, anati akukondwa kwambiri, ana awo akuwalemekeza. Lero m'mawa ndawapeza kudimba akukumba mbatata, akusankha zing'onozing'ono zokwana m'kansalu.